Timabokosi ta a Tsoka

"Lero andipinda, a Nuru," anatero a Tsoka akutsamiritsa njinga pakhonde la golosale. "Apa pokha pandizunguza mutu."

Anayala nyuzipepala pakauntala, pakati pa sikelo ndi botolo la maswiti, natsegula tsamba lakumapeto, pomwe pamakhala masewera odzaza mawu a Chingerezi m'timabokosi topingasana. Chala chawo chokhakhala chinagwera pakati pa timabokosito.

A Nuru anavala magalasi, nasongola pensulo ndi lezala. Ali mnyamata anagwirapo ukalaliki pa esiteti ya fodya, ndipo Chingerezi chinawatsalira m'mutu. Anawerenga funsolo mokweza, nalitembenuza uku ndi uku, nawerengera zilembo pa zala. Linali lolimbadi. Atalipeza yankho anamenya kauntala, nayamba kulongosola komwe mawuwo anachokera, mpaka anafika pa nkhani ya Mzungu wa pa esiteti amene ankalonjera ng'ombe zake dzina ndi dzina. A Tsoka anaseka mpaka kutsokomola.

Zinkakhala choncho masana aliwonse. Nyuzipepala inkabwera ndi dalaivala wa matola kuchokera ku Boma, a Tsoka nkuilandira pa siteji ya pa Wimbe, nkulunjika kugolosale. Ankakhala pa kireti ya zakumwa, a Nuru nkuwathirira tiyi wa m'fulasiki, ndipo sankanyamuka dzuwa lisanapendeke.

A Nuru ankawamvera chisoni mkuluyu. Inali nyengo ya makuponi. Amuna onse a m'midzi anali kalikiliki, ena kuthirira fodya ku nazale, ena kukagona pa mzere kudepoti kuti apeze feteleza wotsika mtengo mvula isanagwe. Munthu wa banja angaipeze kuti nthawi yokhalira pa kireti kusaka mawu a Chingerezi? Kolala ya malaya a mkuluyu inali yothetheka, yosaonapo singano. Za kunyumba sankazitchula. A Nuru nawo sankafunsa, chifukwa ankadziwa mmene funso lotere limabayira. Akazi awo a Nuru, mayi Hasina, anamwalira chaka chapitacho, ndipo ana awo awiri anali ku Joni, ongoimba foni pa Idi. Munthu wotsala yekha amamzindikira mnzake. Choncho ngakhale tsiku lomwe mutu unkawawawa, a Nuru ankasongolabe pensulo. Mkuluyu akanapita kwa yani?

Kenako Lolemba lina a Tsoka sanabwere.

A Nuru anathira tiyi m'makapu awiri mwachizolowezi, wina nkuzizirira pomwepo. Mawa lake anamva galimoto ya matola ikuima pa siteji, natuluka kukaima pakhonde. Anatsika anali amayi a mitolo ya kaunjika ndi mphunzitsi wina. Kamvuluvulu anadutsa pamsewu, kunyamula mapepala a shuga, nakathera kuseri kwa chigayo. Anabwerera mkati. Wogula akalowa, a Nuru ankatchula mtengo, kupereka katundu, basi. Kumzikiti ankapita, kuswali, nkubwerako njira yakuseri.

Sabata ikutha, mantha anawagwira. Anayamba kuona m'maganizo kanyumba kotseka chitseko, njinga itatsamira kukhoma, munthu ali gone pamphasa, wopanda ngakhale womupatsa madzi. Anadzidzudzula kuti miyezi yonseyi sanafunse ngakhale dzina la mudzi. Lachisanu atachoka kumzikiti anamanga shuga ndi masamba a tiyi m'kajumbo, natenga loko. Anatsimikiza kuti afunsa khomo ndi khomo mpaka awapeze, amoyo kapena ayi.

Akukoka chitseko, kumbuyo kwawo kunamveka mawu.

"Odi! Musatseke, bambo."

Anali mayi wachikulire wojintcha, thukuta lili kamukamu, kumsana atabereka khanda lomwe mwachionekere linali mdzukulu. M'manja anali ndi nyuzipepala yopindidwa bwino.

"Ndinu a Nuru? Ine ndine Lusiya, akazi awo a Tsoka."

A Nuru anamuyang'anitsitsa mayiyo, loko ali m'manja.

"Akazi awo?"

"Eya. Anagwa panjinga akuchokera kudepoti ndi thumba la feteleza, mwendo unathyoka. Awaika chikhakha, ali kunyumba. Ana ndi adzukulu akuwasamala, moti akudandaula kuti phokoso lachuluka, sakugona masana." Mayiyo anaseka, nawapatsa nyuzipepala ija. "Koma bambowo andivutitsa sabata yonse. Akuti ndikupatseni iyi, ndikhale pansi, ndipo ndisachoke mpaka mutamaliza."

A Nuru anakankha chitseko, nabwerera kuseri kwa kauntala. Mtima unali utatsika, koma mutu unali usanagwire bwino. Anatsegula tsamba lakumapeto. Timabokosi tonse tinali toyera.

"Chabwino, mayi. Ndiwalembera zilembo zikuluzikulu, kuti akawerenge bwino ali chigonere."

"Akawerenge?" Mayi Lusiya anamasula mwana, nakhala pansi. "Bambo athu aja sukulu sanaipondeko, kudepoti amadinda chala. Akuti chichitikire maliro a akazi anu, pakamwa panu pamangotuluka mtengo wa mchere ndi sopo, koma akakuyalirani pepalali mumalankhula ngati munthu. Ndiye yambani, bambo, ine ndikumvetsera."