Dzina Sanatchule

"Sititchula dzina la aliyense," anatero mayi wofufuza za moyo wa achinyamata, akumwetulira makolo amene anadzaza holo ya sukulu. Kenako anawerenga:

"Mtsikana wina anati, 'Bambo akatseka shopu yawo yometera n'kubwera ataledzera, ine ndimagona nsapato zili kuphazi, kuti ndithawe msanga.'"

Dzina sanatchuledi. Koma m'dera lonselo wometa analipo mmodzi yekha, ndipo anali atakhala pambali pa mwana wakeyo.

Mtsikanayo anamva mipando ikulira, anthu akucheuka. Anangoti maso pansi.

"Taonani kulimba mtima kwa ana athu!" anatero wofufuzayo. "Tiwaombere m'manja."

Bambo a mtsikanayo anaomba nawo, pang'onopang'ono. Kenako anawerama n'kumunong'oneza:

"Mwanawe, lero nsapatozo ukavulire pakhomo."