Sopo pa Masitepe

"Amuna atatu kufera pa masitepe amodzimodzi, mayi?" anafunsa wapolisi.

Mayi wokolopa m'nyumba yosanjayo anafinya chikolopa ngati akupotokola khosi la munthu. "Amatsika mothamanga, bwana."

Atatu onsewo ankamenya akazi awo. Akaziwo akapita kupolisi ankabwezedwa kuti za m'banja akakambirane kunyumba. Ndiye ankadzalirira mayiyu.

"Ngozi basi, mlandu palibe," anatero wapolisiyo, akutseka kabuku ndi dzanja lotupa.

Mayiyo analiyang'anitsitsa dzanjalo. Dzulo lake mkazi wa wapolisi yemweyu anabwera kudzalira, mano awiri kulibe.

"Chikepe chafa, bwana, mutsikira pa masitepe," anatero, akukhuthulira sopo yense m'ndowa. "Koma tadikirani kaye ndikukolopereni."