Bwalo la Mumkuyu ndi Chitsime cha Mfuko

Padangotero, chilala chitafika povuta, nyama zinakumba chitsime cha aliyense. Waludzu ankamwa ulere, woona polakwika ankakonza. Koma mwini luso anali Mfuko, amene ankadziwa njira ya madzi pansi pa nthaka.

Tsiku lina panabuka mkangano wakuti zokambirana za chitsimecho zizichitikira kuti.

"Mumkuyu!" anatero Pusi. "Chigulu chili mmenemo, ndipo nkhani yonenedwa m'mwamba imafika kutali."

"Achimwene, ine sindikwera mumtengo," anadandaula Mfuko. "Tizikumana pompano pamatope, pamene pali ntchito."

Anagwirizana kuti aliyense aitane, ndipo wosonkhanitsa ambiri apambane. Pusi anangokuwa kuti nkhuyu zapsa, mbalame ndi agologolo n'kudzaza nthambi zonse. Kwa Mfuko kunabwera Kamba yekha, mnzake wokumba naye. Mkuyu unapambana.

Patapita miyezi, Mfuko anaona khoma la chitsime likung'aluka. Anapita patsinde pa mkuyu, n'kufuula masiku atatu kupempha thandizo. M'mwambamo munali phokoso lotamanda kukoma kwa madzi, ndipo chomwe chinatsika ndi makoko a nkhuyu basi.

Mfuko anabwerera, n'kulowa m'chitsime yekha, Kamba akumupatsira miyala. Khoma lija linagumuka n'kukwirira Mfuko pamodzi ndi madzi.

Ludzu ndi lomwe linatsitsa Pusi mumtengo. Atapeza dothi lokhalokha, anakalipa: "Nanga Mfukoyo osanena bwanji?"

Kamba anapukuta misozi. "Ananena, achimwene. Mawu anamuthera patsinde pa mtengo wanu."