Nyemba ndi Miyala

Lamulo likuti wandende akalowa koleji ya boma, m'bale wake wamagazi kumudzi aziphunzira naye limodzi. M'baleyo akalephera mayeso, thandizo limadulidwa, ndipo zaka zimene wandendeyo anam'chotsera zimabwerera. Mkazi wa wandende sawerengedwa ngati wamagazi, ndiye kwa mwana wanga Yotamu, yemwe ali kundende, ndinalembetsa ndine. Ndinafika Sitandade 6, sindine mbuli.

Koma maso ayamba chifunga, ndipo sindinauze munthu. Buku amandiwerengera ndi mpongozi wanga Nasimango, ine ndikusankha nyemba, kunamizira kutanganidwa.

Dzulo anasiya kuwerenga n'kusuzumira m'lichero.

"Amayi, mukutaya nyemba. Mwasungazo ndi miyala."

"Werengani apo, musandichedwetse."

Anapitiriza kuwerenga. Mayeso ndi Lachisanu, ndipo makina oyang'anira mayeso kusukuluko salola munthu kulowa ndi womuwerengera.