Makutu a Silvino Pakhoma

"Tinabwerera kwathu kudzagwira ntchito, osati kudzawerenga za anthu ojambula zibwana," anatero Silvino, n'kuponya buku la mkazi wake pambaula.

Élia anabwera nalo bukulo kuchokera kumsasa wa othawa nkhondo ku Mwanza. Linali la mbiri za akatswiri ojambula zithunzi zoseketsa, ena mpaka anamangidwa chifukwa chojambula akuluakulu. Élia sanalire. Anatola khala lozima pambali pa mbaula yomweyo.

"Wina m'bukumo anayamba ndi khala, bambo," anatero, akulunjika kukhoma la baraka lawo, kanyumba kogulitsiramo tiyi, loyang'ana msewu wa ku Tete.

Anajambula Silvino yense, mimba, tsinya, ndi makutu ngati malichero. Oyendetsa makamyau, malole akuluakulu a katundu, odikira pachipata cha m'malire cha Zóbuè anayamba kudzazana pabarakapo, kumwa tiyi uku akufa ndi phwete.

Mitambo ya mvula yoyamba itada, Élia anamva kugogoda kunja. Anapeza mwamuna wake akukhomera lata pamwamba pa chithunzicho kuti chisanyowe.

"Koma makutuwa uchepetseko," anang'ung'udza Silvino.

"Sindichepetsa. Ndi anu omwewo."