Mipando Inayi

Uthenga wa imfa ya bambo ake utangofika m'mawa, Mzime anatsegula chitseko cha chipinda chake n'kuchitchinga ndi chibuku cha kemisitiri. Anakatenga mipando inayi kukhitchini ya ophunzira, naindandalika pafupi ndi bedi. Kwawo kunali kutali, ulendo wa ndege ziwiri, koma anzake a pa yunivesite yachilendoyi analipo. Anali atadyera nawo pamodzi miyezi isanu.

Dzuwa linafika pamutu mipando ili yokhayokha. M'kolido anthu ankadutsa monyang'ama ngati akuba.

Kenako anatulukira Wamagalasi wa chipinda choyandikana, yemwe Mzime anamudwazika sabata yathunthu chimfine chitamugwetsa. Mzime anamusendezera mpando.

Wamagalasi sanakhale. Anaika patebulo kakhadi ka maluwa komwe onse anasainapo.

"Pepa kwambiri," anatero. "Tagwirizana kuti tisakusokoneze, ukhale pawekha. Koma mipandoyi ukathana nayo ubweze, ena akudya choimirira."

Anawerama, nachotsa chibuku chija, n'kutseka chitseko mwaulemu.

Mzime mtima unawira. Pawekha! Kodi bambo ake anali nkhuku yofa ndi chitopa? Nanga iyeyo wadwala nthenda yanji yoti azimutsekera m'chipinda?

Anadzambatuka, natsegula chitseko mpaka chinamenya khoma. Anakokera mpando umodzi pakati penipeni pa kolido, pomwe aliyense wopita kukhitchini sakanalephera kudutsa, n'kukhalapo.

"Wofuna kudya andilumphe!" anakuwa motero.

Ndipo anayamba kulira bambo ake mokweza, mmene amaliridwira munthu.