Mbale ya Ba Mpundu

"Mapapo yao yali bwino, si TB," anatero dokotala atakweza chithunzi cha ekisileyi.

Felistus anatsala pang'ono kuimba nthungululu. Chiyambireni kutsokomola mwamuna wake, Mpundu, iye anamupatulira mbale ndi kapu yakeyake, monga anamulangizira amayi anzake a ku Chawama. Ngakhale ana anawaletsa kudya ndi bambo awo.

Koma chala cha dokotala chinaima pakati pa mapapo awiriwo.

"Apa, kumbuyo kwa fupa la pachifuwa, ndiye pali mtima, njira ya mpweya na njira ya vakudya. Chotupa chamera pamene apa, chazungulira mtsempha ukulu wa magazi. Sitingachite opaleshoni."

"Manje bana, ba dokota? Sibazatengela?"

"Sichipatsirana, amai. Mungadye nao."

Atafika kunyumba, Felistus anapakulira chakudya chonse m'mbale imodzi yaikulu n'kuitana ana. "Bwelani, tidye na batate banu."

Mpundu anamwetulira, n'kutema kambamu kakang'ono. Anatafuna nthawi yaitali, koma poti ameze, kanakana kutsika. Anakalavulira m'dzanja mwakachetechete.

"Idyani chabe imwe," anatero. "Ine nizakuyang'anani mukudya."